Chimbudzi chogejemula si dzenje

Ambiri a ife tinakula ndi chimbudzi chokumba. Chinkakhala kuseri kwa nyumba, chapatali ndi khitchini, ndipo sichinkasankha. Chitsononkho, masamba, pepala lothothola m'kope lakale la masamu, kansanza, phulusa lothira kuti fungo lichepe, zonse zinkagwera m'dzenjemo nkhani n'kuthera pompo. Likadzaza, abambo ankakumba lina, pamalo akalewo n'kudzalapo nthochi kapena papaya. Khalidwe limeneli linalibe cholakwika. Linali loyenerana ndi chimbudzi chake.

Vuto limayamba munthu yemweyo akalowa m'nyumba ya chimbudzi chogejemula, kaya ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Katoto. Timasamuka ndi mabedi, mapoto ndi mbaula, komanso ndi maganizo akuti chimbudzi chimameza chilichonse. Mwini nyumba amakupatsa makiyi, amakulozera mita ya madzi ndi ya magetsi, amakuuza tsiku la lendi, koma za kuchimbudzi satchula. Kusukulu anatiphunzitsa kusamba m'manja ndi kuvundikira padzenje. Zimene zimachitika kuseri kwa khoma madzi akatsika sanatiuze. Ndaona mabanja a mpanda umodzi akusiya kupatsana moni, ana akutsegula m'mimba, ndalama ya ndiwo ikupita kwa pulambala, pa nkhani imene ikanatha anthu akanangoikamba poyera. Koma timachita nayo manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene akutitsekera mapaipi.

Mukasuzumira m'chimbudzi chogejemula mumaona timadzi tokhala pansi nthawi zonse. Timakhalapo chifukwa njira yotulukira ndi yokhota: imatsika, imakwera pang'ono, kenaka n'kutsikanso. Madzi otsalira pokhotapo ndi amene amatchinga mpweya woipa wa m'mapaipi kuti usabwerere m'nyumba. Nzeru imeneyi ndi yakale. Alexander Cumming, wokonza mawotchi wochokera ku Scotland, anailembetsa ku London mu 1775. Kuchoka pokhotapo zonse zimalowa m'paipi imene nthawi zambiri kamwa lake ndi mamilimita 110, pongokwana chibakera cha munthu wamkulu. Paipiyo amaiyala motsetsereka pang'ono chabe, pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Mulibe injini, mulibe pampu. Chokankha katundu yense ndi madzi a m'kathanki ka kumbuyo kaja, malita 6 m'zimbudzi zatsopano, 9 kapena kuposerapo m'zakale. Madziwo akatha mphamvu, chilichonse chosaphwasuka chimaima pomwe chafika n'kumakola zinzake zobwera pambuyo.

Tishu anaipanga dala kuti izigonja kwa madzi. Ulusi wake ndi waufupi, wosamatana kwambiri, moti ikanyowa n'kutakasika pang'ono imaphwasuka. Nyuzipepala, pepala la m'kope, envulopu, katoni ya sopo, zonsezi anazipanga kuti zilimbe. Zikanyowa zimafewa, inde, koma siziphwasuka msanga. Zimaumbika n'kukhala chibuma. Ngakhale mapepala ofewa opukutira m'manja kukhitchini ndi aja ominira anawathira mankhwala owalimbitsa kuti asang'ambike akanyowa, choncho nawonso si a m'chimbudzi. Amene akukayika atenge mabotolo awiri, athire madzi theka, m'limodzi aikemo tishu, m'linalo kachidutswa ka nyuzipepala, atseke n'kukhutchumula. M'botolo loyamba mutsala madzi a mbuu odzaza tizidutswa. M'lachiwiri mutu wa nkhani ukhala ukuwerengekabe. Ana akaona zimenezi ndi maso awo saiwala.

Pa mpanda umene ndimakhala pali nyumba zingapo zimene mapaipi ake amakumana m'manhole imodzi, kadzenje ka chivundikiro koonerapo mapaipi, asanalowe mu septic tank, thanki ya pansi pa nthaka yolandira zonyansa. Nyengo ina ya mvula madzi anayamba kutsika mochedwa m'zimbudzi zonse. Ukagejemula ankakwera mpaka kufupi ndi m'mphepete, n'kumatsika pang'onopang'ono, kubafa kukumveka bwi bwi bwi. Banja la kunyumba ya kumunsi ndi limene linaona zakuda, chifukwa madzi obwerera amatulukira pamalo otsikitsitsa. Anatulukira m'bafa mwawo, momwe amasambitsira mwana wawo wokwawa.

Kunabwera a pulambala, bambo achikulire a njinga yakapalasa, ndodo zawo zolumikiza atazimangirira pakaliyala. Atatukula chivundikiro cha simenti, fungo linatibalalitsa tonse, koma iwo anagwada. M'manja anavala majumbo m'malo mwa magolovesi. Ankalumikiza ndodozo imodziimodzi, akukankha ndi kupotoza, mpaka china chake chinagonja madzi n'kuyamba kuthamanga. Zimene anawedza anaziunjika pa thumba lakale la simenti: mapadi otupa, thewera lotaya la mwana, nyuzipepala zoumbika, tsitsi loyikirira lokulungana ndi mafuta otuwa oundana, timitengo totokosera m'makutu, ndi kansalu kamaluwa. Tishu panalibe ngakhale pang'ono, chikhalirecho nyumba zonsezo zimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

"Bambo, kodi mapaipi athuwa ndi ang'ono?" ndinawafunsa.

"Ayi mayi, paipi ilibe mlandu," anayankha akupukuta thukuta ndi phewa. "Kulikonse ndimapita ndimapeza zomwezi. Anthu amayesa kuti chikangosowa pamaso ndiye kuti chapita."

Bambo amenewa madzulo ake anakadya nsima ndi manja omwewo. Ndipo anthu otere ndi amene timawanenerera mtengo mpaka kuwatsitsa theka, titaima patali titagwira mphuno. Zimenezi zimandiwawa.

Zikatere mlandu umagwera anthu omwewo nthawi zonse: mlendo wochokera kumudzi, mtsikana wantchito, ana. Mumamva mwamuna akuuza mkazi wake kuti ndi azibale ako aja, mkazi nayenso n'kubweza. Apa ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri. Mlendo walowa m'chimbudzi, wapeza mulibe tishu chifukwa eni nyumba amaibisa kuchipinda kuti isathe msanga. Achite chiyani? Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ndani angatuluke kukafunsa apongozi ake pabalaza, anthu ali tcheru, kuti ndidzipukute ndi chiyani? Amapisa m'thumba n'kutenga chimene wapeza, kaya risiti kaya kampango. Walakwa ndi amene anamusiya wopanda chogwira.

Tishu ndi yodula, sindikukana. Ndalama ikachepa, ufa, mchere ndi sopo ndi zimene zimayamba. Koma kuitana pulambala kamodzi, kapena galimoto yopopa, kumadya ndalama imene ikanagula tishu yambirimbiri. Ndipo banja limene silingakwanitse lili ndi njira ina: pepala lililonse ligwire ntchito, koma liponyedwe m'kabini ka chivundikiro n'kukaliotcha madzulo. Si chinthu chonyozeka. Ku Greece ndi m'madera ambiri a ku South America ngakhale tishu yeniyeniyo saiponya m'chimbudzi m'nyumba zambiri. Pambali pamakhala kabini, pakhoma chikwangwani, chifukwa mapaipi akale sangailandire, ndipo alendo ochokera kumayiko olemera amatsatira lamulolo osaona kuti anyozedwa.

Kumuuza mlendo sikovuta monga timaganizira. Azakhali anga atabwera m'tauni kudzaonana ndi dokotala, ndinawatenga ndekha kuwaonetsa nyumba asanamwe n'komwe tiyi, ndipo titafika kuchimbudzi ndinati, "Azakhali, tishu ndi iyi, musaumire, ikatha ina ili pawindopa. Muno timaponyamo iyi yokha, zina zonse n'za m'kabini aka. Mukatha mukanikize apa. Madzi akasiya, muthire chidebe ichi mwakamodzi." Sanakhumudwe. Anati, "Wachita bwino mwanawe, ndikanangoima muno osadziwa pogwira." Munthu wamkulu sadana ndi kuuzidwa kumbali mwaulemu. Chimene chimamupweteka ndi kumva ana akunong'onezana za iye chimbudzi chitasefukira.

Nkhani imene imandikhudza koposa ndi ya mapadi. Padi anaipanga kuti imwe madzi n'kuwasunga. Pansi pake pali pulasitiki, ndipo mkati mwa ambiri muli mankhwala aufa amene akanyowa amatupa. Thewera lotaya ndi chimodzimodzi, kungoti ndi lalikulu. Chinthu chotere chikalowa m'paipi chimakula m'malo mochepa. Amayi ambiri amadziwa zimenezi. Nanga n'chifukwa chiyani mapadi akupezekabe m'manhole iliyonse?

Si umbuli ayi. Kuyambira tsiku limene watha msinkhu, mtsikana amalangizidwa kuti za kumwezi kwake zisaoneke kwa munthu aliyense, ndipo ambiri tinakula tikumva kuti wa mtima woipa akapeza nsalu kapena padi yako atha kukuchitira mankhwala kuti usadzabereke. Kaya inu mumakhulupirira kaya ayi, mantha amenewa ndi enieni kwa mtsikana wa zaka 14 amene akukhala kwa amalume ake, m'nyumba yodzaza anyamata, bini yokhayo ili kukhitchini, agalu akumwaza zinyalala pabwalo usiku uliwonse. Kwa iye kugejemula ndiyo njira yokhayo yosungira ulemu wake. Mukamukalipira pagulu sasiya chifukwa chomvetsa. Amangoyamba kubisa pansi pa matiresi kapena kuponya kuseri kwa mpanda.

Chomwe chimathandiza ndi kumupatsa njira ina yobisika mofanana. Kabini ka chivundikiro kakhale m'chimbudzi momwemo, kuti asatuluke ndi kanthu m'manja. Pambali pakhale mapepala okulungira, ndipo apa m'pamene nyuzipepala yakale ili ndi ntchito yake yabwino. Amayi a m'nyumbamo agwirizane okha amene azikhuthula kabiniko ndi kumene azikataya, osati kutuma mnyamata wosesa pabwalo. Mayi, azakhali kapena achemwali ndi amene ayenera kuyambitsa nkhaniyi, chifukwa mtsikanayo sangaiyambe. Abambo mbali yawo ndi yochepa koma yofunika: agule kabiniko ndipo asafunse kuti muli chiyani. M'masukulu ogonera, m'maofesi ndi m'matchalitchi ndimaona zikwangwani zoletsa kuponya mapadi m'chimbudzi, koma ukayang'ana pansi palibe potaya. Chimbudzi cha amayi chotero chidzatsekeka basi, ngakhale chikwangwanicho chilembedwe ndi zilembo zazikulu motani. Mapadi ochapa amene magulu ena amasoka m'dziko muno amachepetsa vutoli, komabe nawo amafuna madzi, sopo ndi poyanika padzuwa pomwe mtsikana sangachite manyazi.

Chatsopano chimene chalowa m'nyumba zathu ndi timapepala tonyowa topukutira ana, ma wipes. Timaoneka tofewa, koma tambiri tili ndi ulusi wa pulasitiki ndipo m'madzi sitiphwasuka. Mu Seputembala 2017 ogwira ntchito a kampani ya madzi ya Thames Water anapeza chibuma m'ngalande ya pansi pa msewu ku Whitechapel, mumzinda wa London, cholemera matani 130 ndi chotalika mamita 250. Chinali cha mafuta ophikira oundana, ma wipes, matewera ndi mapadi. Anachiswa kwa milungu ingapo, ndipo chaka chotsatira chidutswa chake chinakaonetsedwa ku Museum of London, nyumba yoonetsera zinthu za mbiri ya mzindawo. Ngalande za kumeneko ndi zoti munthu amatha kulowamo. Ngati zinatsekeka zimenezo, nanji kapaipi kathu ka mamilimita 110?

Mafutawo timawathira tokha. Otsala pokazinga chambo kapena tchipisi, kapena msuzi wa nkhumba, amalowa mu sinki ali amadzimadzi, akafika m'paipi yozizira amaundana n'kumata m'mbali. Masamba a tiyi, mpunga ndi mchenga wokwechera mapoto zimakakamira pamenepo, njira n'kumachepa mwezi ndi mwezi. Poto wamafuta ayambe wapukutidwa ndi pepala asanatsukidwe, ndipo makoko a nsima apite kwa nkhuku.

Palinso vuto lathu la madzi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachita kupopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wautali, ndipo magetsi akavuta mipope imauma. Ku Lilongwe nako miyezi yotentha madera ena amagona osaona dontho. Masiku otere m'pamene zimbudzi zambiri zimatsekeka. Anthu angapo amalowa motsatizana osagejemula, kapena aliyense amathira kajagi kamodzi kongokwanira kuchotsa pamaso. Zimachokadi pamaso, koma zimakaima m'paipi mamita ochepa kutsogolo, zimauma, ndipo za wotsatira zimakaunjikana pomwepo. Chidebe chathunthu, cha malita 8 kapena 10, chothiridwa mwakamodzi kuchokera m'mwamba pang'ono, chimagwira ntchito yonse ya kathanki kaja. Sipafunika madzi abwino. Osamba, otsukuluzira zovala, a padenga mvula ikagwa, onsewa ndi osunga m'ndowa pakona. Ena amaika njerwa kapena botolo m'kathanki kuti bilu itsike. Pa chimbudzi chakale cha madzi ambiri zimatheka, koma pa cha malita 6 ndiye kuti mwachotsa mphamvu imene opanga anaiwerengera kale.

Abale athu achisilamu, ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota ndi m'matauni monse, amadzisambitsa ndi madzi pogwiritsa ntchito dzanja lamanzere, monga amachitira anthu ochuluka ku India, ku Indonesia ndi kumayiko a Aluya. Tikanena za paipi yokha, palibe njira yoposa imeneyi, chifukwa simulowa chilichonse chofuna kuphwasuka. Nyumba yolandira alendo osiyanasiyana ndi bwino ikhale ndi zonse ziwiri, tishu ndi kajagi ka madzi kosungidwira ntchito imeneyo yokha. Wa tishu ndi wa madzi yemwe, sopo akumudikira potuluka.

Chimbudzi chikatsekeka, choyamba musagejemulenso poyembekeza kuti ulendo uno zitsika. Mungowonjezera madzi oti asefukire pansi. Onani ngati vuto lili pa chimbudzi chimodzi kapena paliponse. Ngati bafa ndi zimbudzi zina zikuyenda bwino, chotsekacho chili pafupi, mwina pokhota paja. Kampira kopopera ka chogwirira chamtengo kamathandiza, ndipo ngati mulibe, mopu yokutidwa ndi jumbo yomangidwa zolimba imagwira ntchito yomweyo. Sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda zimafewetsa, koma madzi owira atha kung'alula mbale ya chimbudziyo. Waya wa hang'ala amakanda mbaleyo n'kungokankhira chotsekacho mkati. Za kositiki soda ndikuchondererani. Amasungunula mafuta ndi tsitsi, koma thewera ndi pulasitiki sazichita kanthu, ndiye amatsalira m'madzi oimawo n'kudzaotcha manja ndi maso a munthu amene mudzamuitane mawa. Ngati mwathira, muuzeni asanagwade. Ndipo Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni m'kachipinda kopanda mphepo.

Ngati madzi akubwerera paliponse, tukulani chivundikiro cha manhole. Mukapeza yodzaza, chotsekacho chili kutsogolo kapena thanki yakhuta. Mukapeza youma, chili pakati pa nyumba ndi manholeyo. Nthawi zina wolakwa si munthu n'komwe: mizu ya mango kapena bulugama wodzalidwa pafupi imatsata chinyezi, imalowa polumikizana mapaipi n'kuluka ukonde mkati.

M'mizinda yathu nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a suweji opita kumalo oyeretsera, monga a ku Kauma ku Lilongwe, ndi zochepa. Ambiri zonyansa zathu sizichoka pa mpanda. Zili mu septic tank, mamita ochepa kuchokera pakhonde. M'menemo zolemera zimadikha pansi, mafuta amayandama pamwamba, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya pang'onopang'ono, ndipo madzi apakati amapita ku dzenje la miyala n'kulowa m'nthaka. Tishu tizilomboto timaitha. Pulasitiki, nsalu ndi makondomu sitingathe, choncho zimadzaza thanki nthawi isanakwane n'kudzatsekanso paipi ya galimoto yopopa. Mankhwala amphamvu othiridwa mopyola muyeso amapha tizilombo tomweto. Ngakhale chimbudzi chokumba cha m'tauni sichilinso monga chakumudzi. Ku Ndirande kapena ku Mtandire mapuloti ndi opanikizana, pokumba dzenje lina palibe, ndiye likadzaza liyenera kupopedwa, ndipo opopawo amayamba awedza mabotolo, majumbo ndi matewera ntchito yeniyeni isanayambe.

Zonyansa zikasefukira sizikhalanso za banja limodzi. Mu Julaye 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anaona madzi a m'mipope mwawo akutuluka osakanikirana ndi zonyansa, za m'paipi ya suweji zitalowa m'paipi ya madzi akumwa. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, inafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Sindikunena kuti padi ya mtsikana wina ndiyo inabweretsa mliri umenewu. Zifukwa zake ndi zazikulu: madzi akumwa osatetezeka, zimbudzi zogumuka, mizinda yokula msanga kuposa mapaipi ake. Koma manhole yosefukira m'nyengo ya mvula, pafupi ndi chitsime chosazama, pamene ana amasewera opanda nsapato, ndi njira imodzi imene matenda otere amadutsa, ndipo imeneyi ili m'manja mwathu.

Septic tank siyenera kudikira kuti inunkhe. Imafuna kupopedwa pakapita zaka zingapo, msanga ngati anthu ndi ambiri, ndipo kuti mudziwe mmene matope akwerera ndodo yaitali yopisa pa chivundikiro imakuuzani. Munthu asalowemo ndi ndowa, ngakhale atanena kuti anazolowera, chifukwa mpweya wa m'menemo umakomola ndi kupha, ndipo wolowa kukapulumutsa mnzake amagweranso momwemo. Pa mpanda wa mabanja angapo ndi bwino kugwirizana ndi eni nyumba nthawi idakalipo kuti wolipira galimoto yopopa ndi ndani, osati kuyamba kukangana madzi ali kale pakhomo. Galimotoyo ikabwera, funsani woyendetsa kumene akukataya. Alipo amene amakakhuthulira kudambo kapena mumtsinje usiku pothawa mtunda ndi ndalama yolipira pamalo ovomerezeka, ndipo kumunsi kwa mtsinjewo kuli amayi ochapa, ana osambira, ndi madimba a mpiru ndi repu amene timagula pamsika.